Mutu 6: Kamtengo Kogogodera Bwato

1. Chimbalangondo cha pakhoma

M'chaka cha 1954, m'kalasi la Sitandade 5 pa sukulu ina ya mishoni kufupi ndi Balaka munali chithunzi chimodzi chokha. Chinali cha chimbalangondo choyera chitaima pa madzi oundana. Pansi pake panalembedwa kuti amene anachijambula anali m'sitima ya pamadzi, kutali kumpoto kwa dziko lapansi. Ana a ku Balaka, kumene mwezi wa Okotobala ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, ankachiyang'ana tsiku ndi tsiku osamvetsa kuti madzi angaume bwanji mpaka chilombo kuimapo.

Woyamba kutopa nacho anali Scholastica, amene aliyense ankangomuti Sikola. Nzeru anali nazo, sitikana, koma pakamwa pake pankathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Aphunzitsi, nanga mvuu za mu Shire zinalakwa chiyani kuti zisakhale pakhomapa?" anafunsa tsiku lina.

"Ukatibweretsere chithunzi chake, tidzachikhoma pambali pa chimbalangondo," anayankha aphunzitsi. Kalasi lonse linaseka, koma Sikola sanaseke, chifukwa kunyumba kwawo kamera inalipo.

Bambo ake, a Chester, anaphunzira kujambula zithunzi ku Halale, ndipo atabwerako anamanga kachisakasa pafupi ndi siteshoni ya sitima, kumene ankajambula anthu apaulendo. Tchuthi chitafika, Sikola anawakakamira mpaka anamubwereka kamera yawo yaing'ono, ya kabokosi kakuda. Asanamupatse anamukhazika pansi.

"Kabokosi aka kali ndi malamulo ake," anatero a Chester. "Dzuwa likhale kumbuyo kwako. Ukagwire pamimba ndi manja awiri, ndipo podina usapume. Ukadina, pukusa filimu nthawi yomweyo, apo ayi zithunzi ziwiri zidzagonana. Koma chachikulu ndi ichi, ndipo umvetsetse: kagalasi koyang'anira aka kamanama. Chinthu chili pamphuno pako, iko kamachionetsa ngati chili kutsidya. Ndiye ukayang'ana m'kagalasimo, uzidzutsanso mutu n'kuona ndi maso amene anakupatsa Mulungu. Ku Halale ndinaona munthu akugundidwa ndi njinga yamoto ali mkati moijambula. Podzuka ankalumbira kuti inali idakali kutali."

"Ndamva, ababa," anatero Sikola, maso ali pa kamera.

2. Odi wa pamadzi

Sikola anapita nayo ku Liwonde, m'mbali mwa Shire, kumene kunali azakhali ake a Sabina, mlongo wawo wa a Chester, amene anakwatiwa ndi msodzi wa Chiyao, Msilamu, dzina lake Che Pitala. Mwana wawo Sidik anali wamkulu pang'ono kwa Sikola. Mnyamatayu sanali wa zolankhulalankhula, koma ukamupatsa nkhafi nkhope yake inkawala. Chaka chomwecho m'pamene bambo ake anamulola kupalasa yekha bwato lawo, limene iwo anasema ndi manja awo asanakwatire n'komwe. Kwa Sidik panalibe china padziko choposa bwatolo ndi mtsinjewo.

M'mawa wa tsiku la ulendo wokajambula mvuu Che Pitala anaperekeza ana awiriwo mpaka padooko. Anatulutsa m'bwato kamtengo kafupi, kosalala chifukwa chogwiridwagwiridwa, n'kukaonetsa Sikola.

"Tamvera, mwana wa alamu anga," anatero. "Mtsinje uwu si wathu tokha. Ndomondo, imene inu kwanu mumati mvuu, si nyama yoipa mtima iyayi. Ndi nyama yodana ndi kudzidzimutsidwa. Munthu ukamafika pakhomo pa mnzako umati odi. Ifenso pamadzi timati odi, koma ndi kamtengo aka. Upalase pang'ono, ugogode pambali pa bwato. Upalase, ugogode. Mvuu ikamva imadzutsa mutu, iwe waiona, iyo yakuona, aliyense n'kudutsa njira yake. Koma bwato lobwera mwakachetechete ngati mbala, mvuu imalilandiranso ngati mbala. Miyezi ino madzi aphwa, maiwe achepa, ndipo zazikazi zili ndi tiana. Yaikazi ya mwana ilibe nthawi yofunsa kuti ndiwe yani. Mchimwene wanga anali katswiri wosambira kuposa tonse pano, koma tinamuika m'manda chifukwa cha tsiku limodzi limene anati dzanja latopa."

Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe Sidik, wanyamula mwana wa eni. Ukaleka kugogoda, wallahi, ndikulumbira, nkhafi yanga sudzaigwiranso."

"Elo, atati," anavomera Sidik m'Chiyao.

Sikola anagwada mwaulemu n'kuthokoza. Koma kunena zoona, mawu aja analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Iye ankawerengera za khoma la kusukulu basi.

3. Chisuweni pamadzi

Anapalasa chokwera mtsinje, Sikola ali kutsogolo ndi kamera, Sidik kumbuyo ndi nkhafi. Gogodo, gogodo, kamtengo kankalira pambali pa bwato. Sikola anajambula nkhwazi ili pamtengo wouma, kenaka ng'ona itagona pamchenga. Zonsezo zinali ndiwo chabe, iye ankafuna mvuu.

Mvuu zinalipo zambiri, koma zinkachita ndendende zimene Che Pitala ananena. Zikamva kugogoda zinkadzutsa mitu patali, kupukusa timakutu, n'kusunthira kutsidya. M'kagalasi koyang'anira zinkaoneka tinthu tating'ono takuda. Sikola anajambula kangapo, mtima ukumuwawa poona filimu ikutha.

Paja msuweni ndi msuweni. Amatha kunyozana kuyambira m'mawa mpaka madzulo popanda wopita kubwalo, ndipo Sikola luso limeneli anali nalo lochuluka.

"Asuweni, kodi ng'omayi mukuimbira ndani? Kuli chinamwali kuno?"

"Wamva wekha zimene anena atati," anayankha Sidik.

"Ndamva za mwana wamantha. Ine ndimayesa ndakwera bwato la mwamuna, osadziwa kuti ndakwera la gogomole. Ndikafika padooko ndikauza atsikana onse kuti mwamuna wanga wa ku Liwonde amaopa ng'ombe za m'madzi."

Sidik anaseka chamanyazi, koma anagogodabe. Atafika pokhota mtsinje, pamene panali dziwe lalikulu lozunguliridwa ndi bango, Sikola anatembenuka ngati akufuna kukonza nsalu yake. Mwadzidzidzi anatsomphola kamtengo kaja m'manja mwa msuweni wake, n'kukaponya kutsogolo kwa bwato, n'kukapondetsa phazi.

"Sikola, bweza!"

"Bwerani mudzatenge, ngati ndinu mwamuna. Chithunzi chimodzi chokha, asuweni, kenaka muimba ng'oma yanu mpaka kunyumba."

Sidik akanatha kugogoda ndi nkhafi. Anaikweza, koma Sikola anamuyang'ana ndi diso lachipongwe, ndipo nkhafi ija inabwerera m'madzi mwakachetechete. Bwato linalowa m'dziwemo lili zii.

Sikola anaweramira m'kagalasi. Poyamba munali madzi okhaokha. Kenaka munatulukira kamutu kakang'ono, kosalala, ka mwana wa mvuu, ndipo pambali pake madzi anatupa n'kutuluka mutu wa make. Zinkaoneka bwino kwambiri, koma zinali zidakali zazing'ono.

"Sunthani pang'ono," ananong'ona.

"Sikola, dzutsa mutu!" anakuwa Sidik.

Sanadzutse. Mvuu inayasamula, iye anadina, ndipo m'pamene anakweza maso. Zimene anaona sizinali za m'kagalasi zija. Kukamwa kofiira, kotakasuka ngati khomo la nyumba, kunali pafupi moti fungo lake analimva. Mvuu inamira, bwato linagundidwa chapansi n'kunyamuka, kenaka linamenyetseka pamadzi. Kunamveka kuti thyo! Mbali ya bwato inang'ambika ndipo madzi anayamba kulowa.

Sikola ankangolira, kamera ataikweza pamutu.  Sidik anapalasa ndi mphamvu zake zonse, madzi ali m'mawondo, mpaka analowetsa bwato m'bango. Anamukoka msuweni wake n'kumukankhira kumtunda. Kamtengo kogogodera kaja kanatengedwa ndi madzi.

4. Chigamulo

Pofika masana nkhani inali itafika kale padooko. Asodzi anakoka bwato long'ambika lija n'kuligoneka pamchenga. Mkulu wina amene ankasoka ukonde pafupi ndi dziwe lija ananena pamaso pa onse kuti bwatolo analiona likulowa, koma kugogoda sanakumve.

Che Pitala anasisita mng'alu wa bwato lawo nthawi yaitali. Kenaka anaitana ana awiriwo pakhonde, a Sabina ali pomwepo.

"Unagogoda?"

"Iyayi, atati."

"Chifukwa?"

Sidik anayang'ana pansi. Sikola anadikira kuti dzina lake lituluke. Koma silinatuluke.

"Ndinaiwala," anatero Sidik.

A Sabina anagwira Sikola paphewa. "Nanga iwe mwanawe, sunaone kuti mnzako wasiya kugogoda?"

"Ine ndimayang'ana m'kagalasi, azakhali," anayankha Sikola. Bodza lenileni silinali, koma chilungamonso sichinali, ndipo iye ankadziwa.

Che Pitala sanakalipe, ndipo zimenezo zinaopsa kuposa kukalipa. "Alihamudulilahi, Mulungu atamandike, maliro palibe," anatero. "Bwato ndi mtengo, tikhoza kulisoka. Koma munthu woiwala kugogoda sindingamusoke. Lero waiwala uli ndi mwana wa alamu anga, mawa udzaiwala uli ndi amayi opita kuchipatala. Mtsinje si wako, Sidik. Sabata yamawa anyamata a kwa Kawinga akupita ku mafamu a fodya ku Halale. Upita nawo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

A Sabina anayamba kulira. Anachonderera kuti mwanayo ndi wamng'ono, kuti opita ku Halale ambiri amasanduka matchona osabweranso, koma amuna awo anangodzuka n'kupita kukatawaza pokonzekera kupemphera, poti nthawi ya swala, pemphero la Asilamu, inali itakwana. Sidik anapita kukakhala pafupi ndi bwato lija, nsana atalozetsa kunyumba.

M'mawa mwake Sikola anakwera lole yobwerera ku Balaka. Msuweni wake sanabwere kudzatsanzikana naye.

5. M'chipinda cha mdima

Kunyumba Sikola anafotokoza za ngoziyo monga mmene anthu a padooko ankaidziwira. Masiku otsatirawo chakudya chinkamukanika, ndipo akamva wina akugogoda pachitseko ankadzidzimuka. Amayi ake ankati ndi mantha a mvuu. Iye ankangovomera.

Tsiku lina m'mawa a Chester anati, "Tiye tikatsuke zithunzi zako, tione ngati unavutikira zenizeni."

Chipinda chotsukira zithunzi chinali kachipinda ka kumapeto kwa nyumba. Pazenera ankatchingapo bulangete, ndipo nyali ankaikuta ndi pepala lofiira. Munkatentha ndiponso kununkha mankhwala. Atatsuka filimu n'kuiumitsa, masana anayamba kusindikiza zithunzi pamapepala. Zitauma anazitulutsa panja n'kuziyala pathebulo. A Chester anavala magalasi awo. Pa ntchito imeneyi analibe chibale.

"Ichi n'chiyani?"

"Nkhwazi, ababa."

"Nanga ng'ona ikutani pamutu pa nkhwazi? Sunapukuse filimu. Taya." Anatenga china. "Apa mtsinje wapendekeka. Madzi onse a mu Shire akukhuthukira ku Zomba. Unagwira ndi dzanja limodzi." Anatenganso china n'kuchiyandikiza kumaso. "Izi ndi mvuu kapena nyemba zotayika pamphasa? Munthu ukamuuza kuti ndi mvuu ayenera kukukhulupirira pa ulemu chabe. Ichi unajambula moyang'anana ndi dzuwa, taona chayera mbuu. Ichi unapuma."

Masiku ena Sikola akanateteza zithunzi zake mpaka thovu kukamwa. Tsiku limeneli maso ake anangokhala pa chithunzi chomaliza chimene bambo ake anali asanachitembenuze.

A Chester anachitembenuza. Mvuu inali itadzaza pafupifupi chithunzi chonse, kukamwa kuli yasa, mano akuoneka limodzilimodzi, madontho a madzi ali m'malere. Pambali pake panali kamutu ka mwana wake.

"Mwana wanga," anatero pang'onopang'ono, "ine chijambulire sindinatulutsepo chithunzi chotere. Dzuwa lili pamalo pake. Dzanja silinanjenjemere. Chimbalangondo cha aphunzitsi ako chikaona ichi chidzatsika chokha pakhoma."

Kenaka chala chawo chinatsikira m'munsi mwa chithunzicho. Podina paja kamera inali itaweramira pansi pang'ono, choncho inatenganso nsonga ya bwato. Pamenepo pankaoneka phazi la mtsikana, ndipo pansi pa phazilo panali kamtengo kafupi, kosalala.

"Ine ndi azakhali ako tinakulira m'mbali mwa mtsinje womwewo," anatero a Chester. "Kamtengo aka ndikukadziwa. Malo ake ndi kumbuyo kwa bwato, m'manja mwa wopalasa. Kakutani kutsogolo, pansi pa phazi lako?"



A Chester sanafunsenso. Analowa m'chipinda cha mdima muja, ndipo patapita kanthawi anatuluka ndi chithunzi china chonyowa. Chinali chomwecho, koma m'munsi mwake anali ataphimbamo ndi kapepala posindikiza. Phazi panalibe, kamtengo panalibe. Panali mvuu ndi mwana wake basi.

"Wojambula aliyense amadula," anatero, akuchiika pambali pa chinzake. "Ndimadula zinyalala za kumbuyo kwa mkwatibwi, ndimadula galu wolowerera pa chithunzi cha abusa. Si tchimo. Koma pali kudula kokongoletsa, ndipo pali kudula kobisa, ndipo amene amadziwa kusiyana kwake ndi mwini chithunzi yekha. Chodulachi ukapita nacho kusukulu adzakuombera m'manja. Palibe adzafunse kanthu, ngakhale ine sindidzanena. Ndikanatha kukwera njinga lero lomwe kukauza alamu anga, koma ndikatero iwe udzakhala wogwidwa, osati wolapa, ndipo udzakula ukudziwa kuti choipa ndi kugwidwa basi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dziwa chabe kuti mawa Sidik akwera sitima pano pa Balaka. Azakhali ako atumiza mawu kuti ndimujambule, kuti atsale ndi nkhope ya mwana wawo."

Anavula magalasi n'kupita, kusiya zithunzi ziwirizo pathebulo. Sikola anazitenga zonse ziwiri n'kuzimanga m'kansalu.

6. Pa siteshoni

M'mawa mwake pa siteshoni panali piringupiringu. Amayi ankagulitsa nzimbe ndi mbatata zootcha, ndipo anyamata opita ku Halale anali atakhala pa mitolo yawo pansi pa mtengo. Che Pitala anafika ndi banja lawo pa lole ya ku Liwonde. Sidik anali atavala jekete yobwereka, manja ake aatali mpaka kubisa zala. A Sabina maso anali otupa.

Atalonjerana, a Chester anaimika Sidik kutsogolo kwa nsalu imene ankajambulirapo anthu. Kenaka anachita chinthu chimene sanachitepo chiyambire. Anatenga kamera ya kabokosi ija n'kupatsa mwana wawo kuti ajambule munthu wapaulendo m'malo mwawo.

"Jambula msuweni wako. Dzanja lako ndi lokhazikika kuposa langa."

Sikola anaigwira pamimba ndi manja awiri. Dzuwa linali kumbuyo kwake. Anaweramira m'kagalasi, ndipo mmenemo Sidik anaoneka kamunthu kakang'ono, kakutali, ngati wafika kale ku Halale. Kudina kukanakhala kosavuta.

Anadzutsa mutu. Sidik anali pompo, pafupi moti akanatha kumugwira. Milomo yake inali youma, ndipo m'manja munali mudakali matuza a nkhafi a tsiku lija. Sankayang'ana kamera. Ankayang'ana kum'mawa, kumene kuli mtsinje.

Chapatali sitima yopita ku Limbe inalira. Anyamata a pansi pa mtengo anayamba kunyamula mitolo.

"Fulumira, mwanawe," anatero Che Pitala.

Sikola anaika kamera pansi. Anamasula kansalu kake mofulumira, ndipo zithunzi zonse ziwiri zinagwera pafumbi. Anatola chimodzi, chija chosadula, n'kugwada pamaso pa Che Pitala.

"Bambo, Sidik sanaiwale. Kamtengo ndinamulanda ndine. Ndinamunena kuti ndi wamantha, ndinakaponda ndi phazi kuti mvuu zisathawe. Phazi ili ndi langa. Anandiuza kuti ndibweze, ine ndinakana. Ku Liwonde kuja ndinaopa kunena."

A Sabina anagwira pakamwa. Che Pitala analandira chithunzicho n'kuchiyang'ana, choyamba mvuu, kenaka m'munsi. Anachiyang'ana mpaka sitima inalowa m'siteshoni. Sikola ankayembekeza kuti tsopano amukalipira iyeyo, Sidik n'kumasuka. Koma Che Pitala anatembenukira kwa mwana wawo.

"N'zoona izi?"

"Elo, atati."

"Nkhafi unalibe? Chibakera unalibe? Bwato limalira ndi chilichonse." Mawu awo anakwera. "Iwe mtsikana ukuganiza kuti wamupulumutsa? Wamuwonjezera mlandu! Woiwala n'kutheka tsiku lina adzakumbuka. Koma wopalasa amene amasiya lamulo chifukwa wokwera wamuseka, ameneyo ndi woopsa kuposa mvuu. M'bwato mumakwera anthu amitundumitundu. Mumakwera oledzera, mumakwera ofulumira, mumakwera mabwana onena kuti phokoso likuwasokosera. Onsewo adzakuuza kuti leka. Ukamamvera aliyense wa pakamwa pakuthwa, udzatha anthu. Ndipo pamwamba pa zonsezo unandinamiza ine bambo ako."

Sidik anawerama n'kunyamula mtolo wake. Sikola anamva ngati nthaka yamutsegukira. Anakwawa ndi mawondo n'kugwira mwendo wa Che Pitala, anthu onse a pa siteshoni akuona.

"Ananama chifukwa cha ine! Bwato litang'ambika sanandisiye, anapalasa mpaka kumtunda madzi ali m'mawondo. Ngati pali woti achoke, ndichotseni ine sukulu. Chonde, bambo, musamuchotse pamtsinje."

Woyang'anira sitima anaimba wezulo. Anyamata a kwa Kawinga anali atakwera kale ndipo ankakodola Sidik pazenera. A Sabina anangogwira mtolo wa mwana wawo mbali inayo osausiya.

"Alamu," anatero a Chester motsitsa mawu, "ana awiriwa analakwira limodzi. Koma mmodzi anasenza mlandu wa mnzake, ndipo winayu wabwera nawo yekha, ngakhale anali ndi chithunzi chodula chobisa mlanduwo. Zimenezo sindinawaphunzitse ine."

Che Pitala anawerama n'kutola chithunzi chachiwiri chija pafumbi. Anachifananiza ndi choyamba, ndipo anamvetsa. Sitima inafwenthera utsi, mabogi anagundana, ndipo inayamba kuyenda. Palibe anasuntha mpaka bogi lomaliza litadutsa.

"Tula mtolowo," anatero Che Pitala. Sidik anautula, ndipo a Sabina anakhala pansi pomwepo n'kulira mokweza, kulira kwa chimwemwe.

"Musafulumire kusangalala," anapitiriza Che Pitala. "Sindinati ndakhululuka, ndati tula mtolo. Padooko ponse akudziwa kuti mwana wa Pitala ndi woiwala. Iwe Sikola ubwerera nafe, ukaime pamaso pa asodzi onse ndi chithunzi cha phazichi, ukanene zimene wanena pano. Chodulachi ndisunga ine, kusukulu sichipita. Bwato mukalisoka awiri. Likatha, mukalowa m'dziwe lomwe lija, ine ndili pagombe kumvetsera. Sidik adzapalasa. Wogogoda udzakhala iwe. Ndikadzamva bwato lili zii ngakhale pang'ono pokha, sitima imabwera sabata iliyonse."

Anayamba kuyenda kulowera kumene kunaima lole. Sikola anadzuka, mawondo ali fumbi lokhalokha, n'kupereka kamera kwa bambo ake. Anayenda pambali pa msuweni wake, akufunafuna mawu opepesera, koma onse ankaoneka operewera.

Sidik ndiye anayamba kumulankhula, koyamba chichokere m'bango muja. Sanamuyang'ane, ndipo m'mawu ake munalibe chisuweni.

"Ukaphunzire kugogoda bwino, Sikola. Dzulo ndinapita kukaona. Mvuu ija sinachoke m'dziwemo, ndipo mwana wake adakali wamng'ono."